Wasanza Wapulumuka: Mbiri ya Mwavi ndi Mchape ku Mulanje

Kale, phiri la Mulanje lisanazingidwe ndi minda ya tiyi, mlandu waukulu koposa m'mudzi sunkathera pabwalo. Unkathera kutchire, mbandakucha, pamene munthu womuganizira ufiti ankalandira chikho cha mwavi. Abale ake ankaima chapatali, maso onse ali pakamwa pake, ndipo chimene ankayembekeza chidali chimodzi chokha: kuti asanze. Akasanza, amayi ankaimba nthungululu zomveka mpaka kumudzi, amuna okhala ndi mfuti za gogodera ankaomba m'mwamba, ndipo amene adamuneneza ankayamba kuwerenga mbuzi zolipira. Akalephera kusanza ankachita chizungulire, miyendo nkulefuka, kenaka nkugwa pansi. Dzuwa likamafika paliwombo ankakhala atatsirizika, ndipo mudzi unkati mfiti yapezeka.

Kwa munthu wa makono kusanza ndi chizindikiro chakuti m'thupi simuli bwino, ndipo palibe amene amakulakalaka. Koma kwa zaka mazanamazana mitundu yambiri ya anthu inkakhulupirira kuti kusanza ndi kutsuka m'kati mwa munthu, monga momwe mayi amatsukira mtsuko asanathiremo madzi atsopano. Asing'anga a ku India adafika mpaka polemba malamulo a kasanzitsidwe m'mabuku. Ku Mulanje chikhulupiriro chomwechi chidalipo, koma chidatenga njira ina: kusanza kudasanduka mboni pa mlandu wa moyo ndi imfa. Ndipo atsamunda ataletsa mwavi, ndi m'boma lomweli momwe mudatuluka mankhwala ena ochapa anthu, amene mbiri yake idafika mpaka ku Tanganyika ndi ku Congo.

Eni nthaka a m'tsinde mwa phirili adali Amang'anja. Cha m'ma 1860 kudafika Ayao, ndipo mafumu awo monga Mkanda, Chikumbu ndi Matipwiri adakhazikika moyang'anira njira za malonda zotsikira ku Quelimane. Alomwe ochuluka adayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1900. Mitundu itatuyi idali yosiyana zilankhulo ndi miyambo, koma pa nkhani ya imfa inkamvana. Munthu wamphamvu zake akafa mwadzidzidzi, kapena ana akamatsatizana kumanda kuchokera m'nyumba imodzi, anthu sankakhutira ndi dzina la nthenda; ankafuna dzina la munthu. Mfiti ankaiona ngati munthu wa nkhuli ya nyama ya mnzake, wopha ndi cholinga chakuti usiku akafukule manda. Choncho malo a uchimo wake adali m'mimba. Ganizo limeneli ndilo lidapatsa mwavi mphamvu. Ankati mankhwalawo akalowa m'mimba amafunafuna; akapeza muli mbee amasowa pogwira nabwerera momwe adalowera, koma akapeza nyama ya munthu amakakamira pomwepo mpaka mwini mimbayo atafa.

Mwavi sunkamwedwa mwachisawawa. Poyamba abale a womwalira ankapita kukaombeza ula, ndipo nthawi zina mudzi unkaitana mabisalila, katswiri wonunkhiza mfiti, amene ankasonkhanitsa anthu, kuvina, ndi kuloza amene akuwaganizira. Wolozedwayo akakana, mfumu inkatumiza mawu kwa mapondera. Ameneyu ndiye ankapita kukasenda khungwa la mtengo wa mwavi, kulisinja m'kamtondo ndi kulisungunula m'madzi. Womwa ankayenera kukhala asanalawe kanthu chidzukire. Pa milandu yocheperapo, monga ya kuba, mankhwala ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu, ndipo chimene chachitikira chiwetocho chinkakhala chigamulo cha mwini wake.

Chimene chidazunguza mitu ya azungu oyamba ndi chakuti anthu sankauthawa mwavi. Mbusa Duff Macdonald, yemwe adatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1878 mpaka 1881, adafotokoza m'buku lake la 1882 lotchedwa Africana momwe anthu ankaukhulupirira, kotero kuti wonamiziridwa ankaupempha yekha. Izi sizovuta kuzimvetsa kwa munthu wodziwa moyo wa kumudzi. Nkhalamba imene yalozedwa chala siiponso moto, ana amaithawa pachitsime, ndipo mwana wa mnansi akangotentha thupi maso onse amatembenukira ku khomo lake. Moyo wotere ndi imfa ya pang'onopang'ono. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Munthu wodziwa mumtima mwake kuti sadadyepo mnzake ankathamangira chikho chija ali ndi chitsimikizo chonse chakuti asanza, ndi kuti madzulo a tsiku lomwelo dzina lake likhala litayera.

Tsoka lake nlakuti mtengo sudziwa mlandu. Mwavi ndi mtengo waukulu wokonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango za chinyontho. Akatswiri a zomera amautcha Erythrophleum suaveolens, ndipo malo osungirako nyama za kutchire a Mwabvi, m'boma la Nsanje, adatenga dzina la mtengo umenewu m'kalembedwe kakale. M'khungwa lake lofiirira muli ululu umene umasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kuuimitsa. Mulinso zinthu zina zimene zimanyansa chifu ndi kudzutsa mseru. Munthu akamwa, ziwirizi zimakhala pa liwiro. Chifu chikafulumira kubweza mankhwala asanalowe m'magazi, womwayo amapulumuka. Chikachedwa, mtima umagonja. Kufulumira kapena kuchedwako kumadalira kuchuluka kwa khungwa, kukhwima kwake, ndi thupi la womwayo. Ofufuza ambiri amati mankhwala ochindikala kwambiri ndiwo ankabwezedwa msanga, pamene a pakatikati ankakhazikika m'mimba nkupha.

Apa ndiye pagona nkhani. Ngati moyo ndi imfa zinkatsatira muyeso, ndiye kuti woweruza weniweni adali mapondera. Iye ndiye ankasankha khungwa, iye ndiye ankadziwa madzi okwanira, ndipo muyeso wakewo udali chinsinsi chake. Mapondera wochenjera ankafika m'mudzi makutu ali tcheru, namva kumene mitima ya anthu yapendekera. Nkovuta kukhulupirira kuti mlongo wake wa mfumu ndi kapolo wogulidwa dzana ankalandira chikho chofanana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'zaka za nkhondo ndi ukapolo mwavi udafika pokhala chida cha olamulira. Angoni a Chikusi, kumapiri a Ntcheu ndi Dedza, ankamwetsa midzi yathunthu ya anthu amene adawagonjetsa, ndipo ambiri ankatsala pomwepo. Nkhanza zotere sizidali za kuno kokha. Pa chilumba cha Madagascar, mu ulamuliro wa mfumukazi Ranavalona woyamba, kuyambira 1828 mpaka 1861, woimbidwa mlandu ankameza tizikopa titatu ta nkhuku pamodzi ndi ululu wa tangena, ndipo ankayesedwa wosalakwa pokhapokha atasanza tonse titatu. Anthu zikwi zambiri adafa motero.

Komabe si kusanzitsa konse kumene kudali kwa milandu. Sing'anga wa zitsamba naye adali ndi mizu yake yosanzitsa, ndipo cholinga chake chidali kuchiritsa. Munthu wowonda popanda chifukwa chooneka, wodandaula kuti m'mimba mukuyenda kanthu, ankauzidwa kuti adadyetsedwa, mwina kumowa, mwina kutulo. Ankamumwetsa madzi ofunda a mizu m'mamawa mpaka atasanza, ndipo sing'anga ankatakasa masanziwo ndi kamtengo naonetsa abale tsitsi, kafupa kapena kachinthu kakuda, nati chodwalitsa chija ndi chimenechi. Kaya kachinthuko kadachokeradi m'mimba kapena m'chikhatho cha sing'anga, mwini wake ndiye ankadziwa. Koma wodwala ankabwerera kwawo mtima utapepuka, ndipo nthawi zina ankayambadi kudya. Wodwala malungo akasanza zachikasu, akuluakulu ankati ndulu idachuluka ndipo yachita bwino kutuluka. Amuna amene adakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni adakapezanso mwambo wofanana pakati pa Azulu, wotchedwa ukuphalaza, womwa madzi ambiri a mankhwala m'mawa ndi kuwabweza pofuna kuyeretsa chifuwa ndi kuchotsa tsoka.

Kusiyana kwa chikho cha mapondera ndi chikho cha wochiritsa kumaoneka bwino munthu akayang'ana kutsidya la nyanja ya mchere, ku India, kumene luso la kusanzitsa lidalembedwa mwatsatanetsatane. Using'anga wakale wa kumeneko umatchedwa Ayurveda, kutanthauza nzeru za moyo, ndipo limodzi mwa mabuku ake akuluakulu ndi Charaka Samhita, lolembedwa m'chilankhulo cha Sanskrit zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Chiphunzitso chake nchakuti m'thupi muli zinthu zitatu zoyenera kulingana: vata yomwe ili ngati mpweya, pitta yomwe ili ngati ndulu, ndi kapha yomwe ili ngati makhololo. Chimodzi chikachuluka munthu amadwala, ndipo chochulukacho chiyenera kutulutsidwa kudzera pa khomo loyandikira. Njira zisanu zoyeretsera thupi amazitcha panchakarma, ndipo yoyamba kutchulidwa ndi vamana, kusanzitsa. Popeza ankati kapha imakhala m'chifuwa ndi kumtunda kwa mimba, vamana ankaipereka kwa odwala mphumu, chifuwa chosatha ndi nthenda zina za pakhungu, makamaka nyengo yozizira ikamatha. Mwa misakanizo 600 ya mankhwala oyeretsa imene ili m'bukulo, 355 ndi yosanzitsa, ndipo mfumu ya yonseyo ndi chipatso cha madana, mtengo waminga wapachibale ndi chipembere wa kuno.

Chochititsa chidwi ndi kusamala kwake. Kwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri wodwala ankamwa mafuta a mkaka wa ng'ombe, muyeso ukukwera tsiku ndi tsiku. Kenaka ankamudzoza mafuta ndi kumufukiza nthunzi kuti atuluke thukuta, poganiza kuti zoipa zomatirira m'thupi zisungunuke ndi kutsikira m'mimba. Usiku wotsiriza ankamudyetsa zakudya zochulukitsa makhololo monga mkaka ndi chambiko. M'mawa ankamukhazika pa mpando wofika m'mawondo, kumumwetsa mkaka kapena phala lamadzimadzi mpaka kukhuta, ndipo pamapeto pake mankhwala osakaniza ndi uchi ndi mchere. Othandiza ankamugwira pamphumi ndi m'nthiti, wina akumusisita kumsana, sing'anga akuwerenga. Kusanza kanayi kudali kochepa, kasanu ndi kamodzi kwa pakatikati, kasanu ndi katatu kokwanira. Ndipo ndulu ikangooneka ntchito inkathera pomwepo. Masiku otsatira wodwala ankayamba ndi phala lamadzi okhaokha, nkumakwera pang'onopang'ono mpaka kubwerera ku chakudya cha masiku onse. Bukulo lidatchulanso anthu osayenera kusanzitsidwa: ana aang'ono, okalamba, amayi apakati, ofooka ndi owonda kwambiri, ndiponso odwala mtima.

Izi sizikutanthauza kuti chiphunzitso cha vata, pitta ndi kapha nchoona. Madokotala a makono safotokoza thupi motero, ndipo mphumu siichoka chifukwa chakuti munthu wasanza kasanu ndi katatu. Phunziro lili pena. Muyeso wa sing'anga wa ku India udali wolembedwa, wophunzira aliyense nkutha kuuwerenga ndi kuutsutsa, pamene muyeso wa mapondera udali m'mutu mwa munthu mmodzi. Nkhalamba imene Charaka adaletsa kuisanzitsa ndiyo inkakhala yoyamba kulozedwa chala kuno. Ndipo chachikulu koposa ndi ichi: wodwala wa vamana akafa, wolakwa ankakhala sing'anga, womwa mwavi akafa, wolakwa ankakhala wakufayo. Mankhwala amene imfa ya womwa imangowonjezera ulemu wake sangagwidwe bodza ndi wina aliyense.

Ngakhale zipatala za azungu zidakhala nthawi yaitali zikukhulupirira kusanzitsa. Mankhwala a ipecac, ochokera ku muzu wa chomera cha ku Brazil, ankasungidwa m'nyumba zambiri kuti mwana akameza ululu amusanzitse. Mu 1997 mabungwe a akatswiri a za ululu a ku America ndi ku Ulaya adalengeza kuti palibe umboni wakuti njirayi imapulumutsa anthu, ndipo mu 2003 madokotala a ana a ku America adalangiza makolo kuti asiye kuwasunga. Mwana amene wamwa palafini akasanzitsidwa, mafutawo amatha kulowa m'mapapo nkumuvulaza koposa momwe akadamuvulazira ali m'mimba. Wotere amafunika kuthamangira naye kuchipatala.

Amwenye amene Mulanje idayamba kuwadziwa bwino sadali asing'anga a Ayurveda ayi. Adali asilikali achisikh amene Harry Johnston adabwera nawo dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891. Mu 1893 boma lidamanga malinga awiri, Fort Anderson kummwera kwa phiri ndi Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndipo pofika 1895 mphamvu za Matipwiri zidali zitathyoka. Amishoni a Church of Scotland adali atafika kale. Mmodzi wa iwo, Robert Cleland, adamwalira mu 1890 ntchito ya mishoni ya Mulanje ikungoyamba. Amishoni ndi aboma ankasiyana maganizo pa zambiri, koma pa mwavi adali amodzi. Mu 1911 kudakhazikitsidwa lamulo la za ufiti, limene lidaletsa kumwetsa mwavi, kutchula munthu kuti ndi mfiti, kuitana wonunkhiza mfiti, ngakhalenso kudzitcha mfiti. Mfumu yolola zotere m'mudzi mwake inkakhala pa mlandu. Lamuloli lidapitirira kugwira ntchito ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964.

Palibe munthu wamtima wabwino amene angalire maliro a mwavi. Lamulo la 1911 lidapulumutsa anthu ambiri, makamaka amayi okalamba ndi anthu opanda abale owaimira. Koma lidachotsa chikho nkusiya mantha ali pomwepo. Kwa munthu wa kumudzi zinthu zidaoneka zotembenuka: wolira mwana wake akatchula amene akumuganizira, womangidwa ankakhala wolirayo. Ambiri adayamba kunena kuti boma la azungu ndi bwenzi la mfiti. Wonamiziridwa naye adatsala pamphepo, popeza adalibenso njira yoyeretsera dzina lake. Manong'onong'o ankamutsata mpaka kumanda. Mwavi wina unkamwedwabe mobisa, ndipo kwa anthu a m'malire kudali kosavuta kuwoloka Ruo kapena Muloza kukathera mlandu kutali ndi maso a boma. Pamene makhoti a mafumu adavomerezedwa mu 1933, milandu ya ufiti sidaikidwe m'manja mwawo.

Nthawi imeneyo Mulanje idali itasinthiratu. Tiyi amene Henry Brown adadzala ku Lauderdale mu 1891 adali atafalikira m'tsinde mwa phiri. Nthaka yabwino idali m'manja mwa azungu, anthu ambiri ankakhala pa minda ya eni ake polipira ndi thangata, ndipo alendo ochokera ku Mozambique ankathithikana ndi eni mudzi pa malo ochepa otsala. Kenaka mu 1929 malonda a dziko lonse lapansi adagwa. Mitengo ya fodya ndi thonje idatsika, migodi ya ku Rhodesia idachotsa antchito, anyamata adabwerera kumudzi chimanjamanja, koma msonkho wa mashilingi 6 sudasinthe. M'zaka zomwezo dzombe lidagwa m'minda. Pamene anthu apanikizana, njala ili pakhomo ndipo wina akuoneka kuti zikumuyendera, nkhani za ufiti zimamera ngati bowa.

Mchape udabadwa m'nyengo yotereyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kudayamba kuyenda magulu a anyamata onena kuti atumidwa ndi Kamwende wa ku Mulanje. Nkhani imene ankafalitsa idali yakuti Kamwendeyo adamwalira naikidwa m'manda, koma patapita masiku awiri adauka, diso limodzi, mkono umodzi ndi mwendo umodzi zili zakufa, atatenga chinsinsi cha mankhwala othetsa ufiti. Dzina la mankhwalawo lidachokera ku mawu akuti kuchapa. Pofika 1933 mchape udali utafika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo udawolokera ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia, Mozambique, Tanganyika mpaka ku Congo. Mu 1934 Audrey Richards, mayi wachingerezi wofufuza za chikhalidwe cha anthu, adawaona ndi maso anyamatawa pakati pa Abemba, amene ankawatcha bamucapi, ndipo mu 1935 adalemba zimene adaona m'magazini yotchedwa Africa.

Anyamata a mchape sankaoneka ngati asing'anga akale a zikopa ndi nthenga. Ankavala malaya ndi mabuluku achizungu, ankayamba ndi ulaliki ngati aphunzitsi a mishoni, ndipo ankandandalika anthu pamzere, amuna paokha akazi paokha, monga amachitira akalembera a boma. Mfumu ikawalandira, mudzi wonse unkadutsa mmodzimmodzi kumbuyo kwa mnyamata wogwira kalilole, amene ankati m'galasimo akuona amene ali ndi nyanga. Woonedwayo ankauzidwa kuti akatulutse nyanga zake, ndipo akakana, anyamatawo ankakazifunafuna okha kudenga, kunkhokwe kapena pansi pa mphasa. Nyanga ndi zithumwa zonse zinkaunjikidwa pamphambano. Pamapeto pake aliyense, mfumu ndi mlendo yemwe, ankamwa pang'ono mankhwala ofiira ochita thovu ngati sopo, osungidwa m'mabotolo a kusitolo. Lonjezo lidali lakuti womwa wayera ndipo watetezedwa, koma akadzabwerera ku ufiti mankhwalawo adzamupha. Asanachoke, anyamatawo ankagulitsa tizithumwa ta ufa wa mankhwala toteteza ku zilombo, ku njoka ndi ku tsoka.

Munthu akayang'anitsitsa amaona kuti mchape udali mwana wa mwavi, koma mwana wobadwira pansi pa lamulo la 1911. Madzi ofiira ndi omwewo, chikhulupiriro chakuti mankhwala olowa m'mimba amadziwa za mumtima nchomwecho. Zimene zidasintha ndi zimene lamulo likadagwira. Palibe amene ankafa pa tsiku lakumwa. Chigamulo chidakankhidwira kutsogolo. Chikho sichinkapita kwa munthu mmodzi wolozedwa chala; chinkazungulira onse, kotero kuti nkhalamba ija inkamwa pamzere umodzi ndi amene ankainena, nibwerera kunyumba ili yoyera ngati wina aliyense. Ndipo wosanza tsopano udali mudzi. Mulu wa nyanga pamphambano udatenga malo a masanzi amene sing'anga ankatakasa ndi kamtengo: anthu ankauzungulira, kuloza, ndi kupuma mozama poona kuti zoipa zimene zidali m'kati mwa mudzi zili panja.

Richards adachita chimene eni mudzi sadachite: adatenga zina mwa nyangazo naziyang'ana imodziimodzi mothandizidwa ndi anthu odziwa mankhwala. Adapeza kuti zambiri zidali zithumwa wamba zimene pafupifupi nyumba iliyonse inkasunga, za ulenje, za kumunda, zoteteza ana ndi zochiza matenda. Izi zikulongosola chifukwa chake anyamata a mchape sankachoka m'mudzi chimanjamanja. Wofuna nyanga m'nyumba ya munthu wa nthawi imeneyo sakadalephera kuipeza. Aboma adazengereza, popeza mankhwalawo sankapha munthu, koma m'madera ena adayamba kugwira ogulitsawo ngati akathyali. Amishoni ndiwo adapsa mtima kwambiri, chifukwa Akhristu ochuluka adamwa nawo, ndipo ambiri adaimitsidwa mumpingo. Koma Mkhristu wokhala pakati pa abale akadakana bwanji? Wokana kumwa ankakhala wadzitchula yekha.

Nkoyenera kuupatsa mchape ulemu wake pang'ono. Udapereka kwa anthu chimene boma ndi mishoni zidalephera kupereka, ndiyo njira yothetsera kukayikirana popanda kukumba manda. Koma mtendere wake udali wa kanthawi. Ndalama zosowa kale zija zidapita ndi anyamata a mabotolo. Malungo, kamwazi ndi chifuwa chachikulu sizidamve za Kamwende. Maliro oyamba atachitika, anthu ankati wakufayo adabwerera ku ufiti, ndipo banja lake linkasenza manyazi pamwamba pa chisoni. Apa mwavi udaonekeranso nkhope yake, pakuti wolakwa adakhalanso wakufa. Koma ana a m'manja atayamba kufa monga kale, nkhaniyo sidathenso kumveka. Patangopita zaka zochepa mchape udazilala. Anthu sadanene kuti ganizo lochapa mudzi nlolakwika. Adangoti mankhwalawo adatha mphamvu. Nchifukwa chake mu 1947 makamu adathamangiranso kwa Bwanali, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kwa Chikanga wa ku Rumphi, amene anthu ankamuyendera kuchokera mpaka ku Tanganyika.

Dzina lenilenilo lidadzukanso patapita zaka makumi asanu ndi limodzi. Mu 1995, Edzi ikupulula anthu ndipo zipatala zilibe choipoletsa, bambo wina wachikulire wa m'mudzi wa Chikamana m'boma la Machinga, Billy Goodson Chisupe, adalengeza kuti adaonetsedwa kutulo mtengo wochiza nthendayi. M'miyezi yowerengeka anthu pafupifupi 300,000 adafika pakhomo pake pa mabasi, pa malole, pa njinga ndi pansi, ena mwa iwo aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a m'maofesi. Chisupe sankagwira kalilole, sankafunsa nyanga, ndipo sankalipiritsa. Ankangopereka madzi ofiirira a khungwa la mtengo, aliyense kapu yake, wodwala ndi wosadwala pamzere umodzi, popanda wofunsidwa kuti nthendayo adaitenga kuti. Anthu adawatcha madziwo mchape.

Kachilombo sikadachoke m'magazi a amene adamwa, ndipo maliro adapitirira m'midzi ya Machinga, ya Mulanje ndi ya dziko lonse. Zinthu zidayamba kusintha mu 2004, pamene boma lidayamba kupereka ulere mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV m'zipatala. Amenewa ndi mankhwala ofunika kukhazikika m'mimba tsiku ndi tsiku. Wodwala akawasanza atangowameza kumene, achipatala amamulangiza kuti amwenso ena.